Mjigo wa Mkamwini

Panali munthu wina cha ku Vubwi, dzina lake Filimoni. Anali mkamwini, ndipo mukudziwa mmene akamwini amaonedwera. Thonje litamuyendera bwino, anakumbitsa mjigo pamudzi pa mkazi wake Nelia. Kuyambira pamenepo ngakhale apongozi ankamupatsa mpando.

A zaumoyo atayeza madziwo anati, "Muli mchere wotchedwa fulorayidi wochuluka kwambiri. Chapirani, koma musamwe. Umaononga mano a ana, ndipo ukhoza kusokoneza chithokomiro, pakhosi apa."

Filimoni anapsa mtima. Atseke mjigo womwe wamupatsa ulemu? Pamsika anakumana ndi mlendo wogulitsa ufa wa chammwamba wosakaniza ndi mizu.

"Bwana, supuni imodzi mu ndowa, poizoni yense amafa," anatero mlendoyo.

Filimoni anagula thumba lathunthu n'kugawira mudzi wonse. Anthu anapitiriza kumwa. Koma Nelia anakanitsitsa.

"Atate ake a Rebecca, chammwamba ndi ndiwo zabwino, sindikukana. Koma ndiwo sizisefa madzi. Mwana wanga samwa amenewa."

Tsiku ndi tsiku ankadutsa mjigo wa mwamuna wake, chigubu pamutu, ulendo wokatunga kusukulu. Amayi anzake ankamuseka, "Taonani mwini mjigo akukapempha madzi kwa eni!" Iye n'kumapitirira ulendo wake.

Patapita zaka zisanu, ana a m'mudzimo anamera mano atsopano ofiirira ngati a nkhalamba yosuta chingambwe. Koma mano a Rebecca anamera oyera mbee! Filimoni naye khosi linatupa. Kuchipatala anamuuza kuti ndi chithokomiro. "Kaya ndi madziwo kaya ayi, sitinganene msanga. Koma ufa wanuwo sunachotse kanthu m'madzi."

Atabwerako anaitana mudzi wonse, n'kukhuthula ufa uja kudzala onse akuona.

"Ndinkateteza dzina langa, osati ana anu. Ndikhululukireni. Wanzeru pakhomo panga ndi mayi uyu."

Amayi omuseka aja anangoti zyoli. Nelia ameneyu ine ndimamunyadira, ndinene mosabisa. Lero Filimoni ndiye amakatunga madzi kusukulu, zigubu zinayi panjinga, ndipo pamjigo wake analembapo yekha ndi penti: OCHAPIRA BASI.

Phunziro: Masamba amapatsa thanzi, koma sasandutsa madzi oipa kukhala abwino. Yezetsani mjigo wanu, mverani a zaumoyo, ndipo ulemu wanu usadye mano a mwana. Tumizirani ena, makamaka amene akuseka mnzawo wokatunga kutali.