Matumba a Mudhara Domingo

Ku Amaveni kuno aliyense ankanong'ona nkhani imodzi: ati a Domingo, bambo wachikulire amene tinkawatcha mudhara, apeza golide mu mgodi wakale wa ku Gaika. Nanga mu 2008, m'mashopu muli mashelefu okhaokha, munthu n'kumadya ndiwo zamafuta? Akazi awo n'kumasintha zitenje?

Amene zidawawawa kwambiri ndi a Elifas, a nyumba yoyandikana nawo. Iwowa adatha zaka zitatu ali korokoza, kukumba golide mozemba, koma olo nsapato analibe. Loweruka lililonse ankaona a Domingo akuchokera ku Gaika, matumba awiri pa njinga, omanga kukamwa bwinobwino. Akawafunsa, mudharayo ankangoseka.

Ndiye malamulo akewo! Pakhomo pa mgodi adatchingapo ndi zitsulo, n'kusiya mpata pamwamba. Ati musalowe ndi moto, musasokose, nthawi ya mvula musayandikeko chifukwa mileme ya mu mgodimo imakhala ndi ana. Ati kudabwera mayi wina wophunzira za nyama, n'kunena kuti mileme ya mtundu umenewu yatsala pang'ono, m'migodi ina monse makorokoza adaithamangitsa. A Elifas ankati zonsezo n'zophimba anthu m'maso. Munthu wamkulu angamawete mileme ngati mbuzi?

Tsiku lina a Domingo atapita kumaliro ku Munyati, a Elifas adatengana ndi anzawo awiri. Adathyola zitsulo zija, n'kuyatsa matayala kuti utsi utulutse mileme. Yambiri idathawa masanasana, ina idangoyoyoka pansi. Adakumba masiku atatu. Golide? Olo kachidutswa.

Adabwerera kunyumba ali bii ndi mwaye, akutukwana kuti mudhara uja adakokolola zonse. Akazi awo, a Vainess, ankathirira repu kuseri kwa nyumba. Atamva zimene amuna awo achita, adaika chitini pansi, n'kuwaitana ndi dzina la mwana wawo.

"Baba Humble, mwatentha mileme?"

"Bwanji, ndi abale ako?"

"M'matumba muja mumakhala zitosi za mileme. Feteleza kulibe, ndiye a madimba amasinthanitsa ndi ufa ndi mafuta. Ife a Domingo amatipatsa thumba limodzi ulere mwezi uliwonse. Sindinkakuuzani poti dzina lawo lokha limakudwalitsani mutu. Mumayesa repu akutidyetsa panoyu amakula ndi chiyani?"

Mileme sidabwererenso, ndipo dimba la a Vainess lidachita chikasu. Ndiuzeni inuyo, mukadakhala a Vainess, m'mbale ya a Elifas mukadaikamo chiyani?