Kalipentala Amene Anatsatsa Mipando ya Eni

Panali munthu wina, kalipentala, amene anzake ankamutcha Sindiphonya. Dzinali silinali lachabe: bedi lochoka m'manja mwake silinkalira, mpando wake sunkagwedera. Vuto linali loti shedi yake inali kuseri kwa mashopu, kosaoneka. Ndiye anaganiza zolipira kuti malonda ake azioneka pamasamba a mchezo.

Mlamu wake, mng'ono wa mkazi wake, anali ndi saluni ndipo anali atatsatsapo kale. Atamva, anapita kushediko.

"Alamu, musayambe mwalipira. Konzekani kaye. Jambulani katundu wanuyu powala. Lembani komwe mukupezeka. Sankhani kuti aone ndi anthu apafupi, amene angathe kubwera. Nanga foni aziyankha ndani inu muli pa macheka?"

Sindiphonya anaseka. "Alamu, inu dziwani za tsitsi. Zamatabwa ndisiyireni."

"Walira mvula walira matope. Makasitomala akabwera mwaunyinji, muwatha?"

"Abwere kaye!"

Mlamu atangochoka, Sindiphonya anayang'ana shedi yake: utuchi paliponse, khoma lakuda. Anaona kuti pa chithunzi sizikongola. Anatsegula foni, nkutenga pa intaneti zithunzi za masofa onyezimira a m'sitolo ina ya kunja. Analemba kuti, "Timapanga tokha." Analipira tsiku lomwelo, nkusiya kuti aone aliyense, kaya ali kuti.

Foni inayamba kulira. Koma inali m'thumba la jekete pamsomali, mwini wake ali pa mashini. Pomayitenga, anapeza anthu ambiri aimba nkutopa. Ena anali akutali kwambiri moti ngakhale kampando sakanawatumizira. Pansi pa zithunzi ndemanga zinali mbwee.

"Sayankha awa."

"Shediyo ili kuti? Kapena ili m'mitambo?"

Kenako wina analemba kuti, "Taonani pakona ya chithunzicho, pali dzina la sitolo ya eni. Akuba awa!"

Sindiphonya anati ndi nsanje chabe.

Patapita masiku, kunabwera mayi wina, namwino, amene anafunsira njira mpaka kupeza shediyo. Anabwera ndi galimoto yonyamulira katundu.

"Ndikufuna sofa iyi," anatero akuloza pa foni. "Mayi anga atuluka m'chipatala, akufunika pokhala pofewa."

"Imeneyo… yangotha kumene, mayi."

"Ndionetseni ina yofanana nayo."

Sindiphonya anamwazamwaza maso m'shedimo.

"Bambo, munapangapo sofa imeneyi chibadwire?"

Sindiphonya anayang'ana pansi. Wowotcherera zitsulo wa shedi yoyandikana anazimitsa mashini ake kuti amve bwino. Mayiyo sanakuwe. Anangoti, "Ndasiya odwala kubwera kuno. Munthu wamkulu ngati inu, manyazi mulibe?" Anakwera galimoto yopanda kanthu nkumapita.

Madzulo mkazi wake anamulandira ndi nkhope yogwa. "Bambo a kunyumba, anzanga anditumizira zithunzi zija. Akundifunsa ngati ndinakwatiwa ndi kalipentala kapena wakuba. Ndiwayankhe chiyani?"

M'mawa mwake Sindiphonya anakalowa mu saluni, chipewa chili m'manja, azimayi olukitsa tsitsi akumuyang'ana.

"Alamu, ndaphonya."

"Bwerezani, makasitomala anga sanamve."

"Ndati ndaphonya!"

Saluni yonse inafa ndi phwete. Mlamu anapukuta manja. "Chabwino. Choyamba, imitsani malonda abodzawo."

Anaimitsa. Anachotsa zithunzi za eni. Mlamu anati angokhala chete anthu aiwale, koma apa Sindiphonya anakana. Analemba yekha patsamba lake: "Zithunzi zija sizinali zanga. Ndinalakwa. Zanga mudzaziona posachedwa."

Ndiye anayamba kukonzeka. Anasesa utuchi, nkupaka khoma limodzi penti yoyera. Anatulutsa bedi, tebulo ndi mipando pakhomo, mlamu nkujambula m'mawa dzuwa lisanakwiye. Anajambulanso kavidiyo ka manja ake akupala thabwa. Analemba njira yofikira kushedi, ndi nthawi imene bedi limatenga kuti lithe, osachepetsa kuti akope anthu. Pamsewu anakhoma chikwangwani. Foni ya malonda anaipereka kwa mkazi wake.

"Koma ndikamayankha ine, musamandilowerere," anatero mkaziyo.

"Bwana ndinu, mayi."

Atatha zonsezi m'pamene analipiranso, pang'ono chabe, kwa anthu a madera oyandikana okha.

Namwino uja sanabwererenso. Ena anapitiriza kunyoza. Koma uthenga uliwonse unkayankhidwa, ndipo Loweruka lina kunafika bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito, wokayikira chilichonse. Anatulutsa foni, kukulitsa chithunzi cha tebulo, nkuyamba kuyerekeza. Anazungulira tebulolo, kuligwedeza, kusuzumira kunsi. Kenako anaika chala pa mfundo ya thabwa imene inkaonekanso pa chithunzi.

"Ndi lomweli," anatero. "Ngakhale kachipsera aka kalipo. Wapanga ndani?"

Sindiphonya anatambasula manja ake okhakhala, odzaza zipsera ndi vanishi.

"Awa, achikulire. Palibenso ena."

Wowotcherera uja anakuwa ali kushedi kwake, "Lembani pamenepo, dzina labwerera kwa mwini wake!"

Mphunzitsiyo anagula tebulolo, ndipo Sindiphonya analinyamula yekha pamutu mpaka pamsewu, akuyenda ngati wanyamula chikho cha mpikisano.

Phunziro: Musanalipire kutsatsa malonda, konzani kaye pakhomo panu. Onetsani katundu wanu weniweni, nenani komwe muli, ndipo pakhale woyankha foni. Kutsatsa kumangoitana anthu. Chimene akachipeze ndi chimene chidzakukwezeni kapena kukugwetsani. Musachite manyazi ndi ntchito ya manja anu, ndipo musanyoze malangizo poona amene akukupatsani. Tumizirani mnzanu wa bizinesi uthengawu asanalipire.