Kansalu ka m'bokosi la fyuluta

Galimoto inafookanso pa Ginnery Corner, ikutsokomola utsi wakuda. A Ellard, mkulu wa mpingo, anaponda mafuta mpaka pansi, koma injini sinayankhe. Kumbuyo, mwana wawo Thandi anali atayamba kulira m'velo, poti ukwati wake unkamudikira ku Limbe.

Anaikankhira pagalaja ya Vitalis. Makanikoyo analumikiza kamakina kake koyezera vuto la galimoto n'kupukusa mutu.

"Ndi sensa yoyeza mpweya wolowa mu injini, bambo. Ikunamiza kompyuta, ndiye mafuta akuchuluka."

"Ingosinthani, musatsegule zambiri," anatero a Ellard, thukuta lili kamukamu.

"Yatsopano ndilibe. Tingoitsuka."

Atatsegula bokosi la fyuluta yosefa mpweya, Vitalis anatulutsamo kamtolo kansalu kong'ambika. Ufa wakuda wochokera m'kamtolomo unali utadutsa m'mbali mwa fyuluta n'kukamata pakawaya ka sensa.

"Mayo ine! Atilodza!" anakuwa a Ida, akazi a bambo Ellard.

Sing'anga wa ku Soche ndiye anali atalangiza a Ellard kuti chithumwa choteteza ku ngozi chimaikidwa pomwe galimoto imapumira.

Vitalis anapopera mankhwala otsukira pasensa, n'kudikira kuti iume, kenako anaibwezeretsa. Injini inalira bwinobwino, utsi n'kutha.

"Tayani zimenezo, tachedwa!" anatero a Ellard.

Koma a Ida anali atatambasula kansalu kaja pachikhatho, akukayang'anitsitsa.

"Bambo a Thandi," anatero motsitsa mawu, "mfiti imeneyi inalowa bwanji kuchipinda kwathu kudzadula chitenje changa cha Mvano?"