Nyimbo Yokana Kutha Pakhosi pa Nang'omba

Padangotero, kufupi ndi manda akale, kudali Nang'omba. Poyenda ankati gwe, gwe, ngati wavala nsapato zobwereka, uku akukuwa kuti, "Huuu, patukani, wafika mwini nyimbo!"

Chonsecho nyimboyo adaipeka ndi Nkhululu, yemwe adalengeza kuti, "Aliyense aiyimbe, aisinthe, aivine paukwati kaya pamaliro. Koma pomaliza azinditchula, poti dzina langa ndiye chitseko chake."

Nang'omba adaiyimba pamaliro a Fulu, n'kudziguguda pachifuwa kuti ndi yake. Olira adabalalika, koma nyimbo sidathe. Atseke mlomo, inkangolira yokha m'khosi. Madzi osamezeka, chiwala osadutsa. Khosi lidatupa ngati dzungu, n'kufiira psuu.

Dzuwa lili paliwombo, mitumbira idayamba kuvomera ndi mawu ozizira: "Mwini wake ndani? Ngati ndi iwe, tsika udzatiyimbire kunsi kuno."

Dothi lidayamba kumeza mapazi ake.

Nkhululu adasuzumira pa una wake. "Achimwene, malipiro sindifuna. Dzina lokha basi."

Dothi litafika m'maondo, Nang'omba adafuula, "Ndi ya Nkhululu! Ine ndidangowonjezerapo huuu!"

Pomwepo nyimbo idatha, dothi lidaleka kumumeza, manda onse adati zii.