Nsapato Zinkalira Pageti

"Yendani mmene mumayendera masiku onse, bambo," anatero namwino, akuloza mkeka wamawaya woyeza mayendedwe.

Amuna anga, amene tinabwera nawo kuchipatala chifukwa choponya zibakera kutulo, anakonza kolala n'kuyamba. Khwee, khwee.

Kale nsapato zawo zinkalira kho! kho! kuchokera pageti, ine n'kutereka ketulo asanagogode n'komwe.

"Mayendedwe akasintha, matenda a ubongo akhoza kukhala pafupi," namwinoyo anandinong'oneza. "Inu mwaonapo kusintha, mayi?"

Ndinayang'ana nsapato za amuna anga. Dzana lomweli ndinamva mapazi awo pakhonde n'kufunsa kuti, "Ndani?"

Atafika kumapeto kwa mkeka, anacheuka akumwetulira. "Ndakhoza, mayi a ana?"

"Ngati mnyamata," ndinatero.