Utsi wa Mandasi

Chiletsereni dizilo, galimoto zimayendera mafuta a mbewu za kwawo: za ku Zambia zimanunkhira soya, za ku Mozambiki kokonati. Lole ya aZuze inkamwa mafuta amene mkazi wawo, Nasuluma, wakazingira mandasi n'kuwasefa pa kansalu.

Ulendo uno aZuze anachedwa ku Tete, ndipo amayi kumjigo anayamba kunong'onezana kuti abwera akununkhira kokonati wa mkazi wina.

Lole itatulukira ikuchita kukwawa, Nasuluma anakaima kumbuyo kwake n'kununkhiza utsi. Anali mandasi okhaokha.

"Mwachedwa bwanji, bambo a Tiyanjane?"

"Mafuta anu anachepa, ndiye ndimayenda mowasunga. A eni ake ine sindithira."

Nasuluma anangokateleka chiwaya.