Fayilo Yomwe Anayang'anamo Kale

"Fayilo iyo isiyeni, Achemwali, ndayang'anamo kale," anatero Wamagalasi, mnzawo wa desiki imodzi, akuwachotsa dzanja pa mausi ya kompyuta.

Linali tsiku lachitatu batani lotumizira mafomu pa webusaiti imene Achemwali anapanga likukana kugwira ntchito. Kasitomala akadina, tsamba linkangoti zii. Achemwali anafufuza paliponse mpaka maso kufiira, kupatula fayilo imodziyo. Munthu amene umadya naye mbale imodzi masana aliwonse ungamukayikirenso?

Bwana atawaitana onse awiri, nkhope ili ndwii, Wamagalasi anatsokomola pang'ono.

"Bwana, ndingayeseko?"

Anatsegula fayilo yomwe ija n'kufufuta mzere umodzi. Batani linagwira pompo.

"Mphindi ziwiri zokha!" anatero bwana. "Achemwali, ntchito yonseyi mpatseni mnzanuyu. Inu mwatopa."

Atabwerera pa desiki, Achemwali anatsegula mbiri ya zonse zimene zinasinthidwa mu pulogalamuyo. Mzere woipawo unalowa Lolemba, teni koloko m'mawa, m'dzina lawo. Lolemba nthawi imeneyo iwo anali pa benchi kuchipatala, mwana wotentha thupi ali pamiyendo. Anakumbukira foni ya Wamagalasi: "Ndiuzeni pasiwedi yanu ndikumalizireni ntchito, inu samalani mwana." Tsiku limenelo anamuthokoza mpaka misozi.

Kapu ya tiyi inatera pambali pa kiyibodi, shuga masipuni awiri monga amakondera. Wamagalasi anaima pamenepo akumwetulira.

"Musadandaule, Achemwali, ndilipo ine," anatero. "Nanga mwana uja ali bwanji?"